Mpando Woyenera Mwana M'galimoto

Nkhani ya lero ikukamba za ana pa ulendo, makamaka za malo amene mwana ayenera kukhala galimoto ikamayenda. Iyambira m'boma la Mwanza, m'dera la Mfumu Nthache, koma zimene zikambidwe zikukhudza makolo a m'maboma onse, kuyambira ku Chitipa mpaka ku Nsanje.

Omvera amene anafikako ku Mwanza akudziwa kuti limeneli ndi dziko la mapiri ndi zigwa, lotchuka ndi manachesi, ndiponso kuti ndi khomo lalikulu lolowera ndi kutulukira m'Malawi. Mseu wa M6 umapatuka pa Zalewa, pafupi ndi mlatho wa pa Shire, nukhota-khota mpaka kukafika pa boma la Mwanza ndi pa chipata cha m'malire. Munthu akadutsa chipatacho amalowa ku Zobue m'dziko la Mozambique, kenaka ku Tete, ku Nyamapanda, ku Harare, mpaka ku Johannesburg. Usiku ndi usana mumseumu mumadutsa malole olemera, mabasi a maulendo atali-atali, maminibasi, ndi timagalimoto ta mtundu wa Sienta tonyamula anthu. Anthu a kwa Nthache amayenda mumseu womwewu popita ku chipatala cha pa boma, ku msika, kapena ku Blantyre pamene wodwala watumizidwa ku chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth.

Munthu akasuzumira m'galimoto zimenezi aona ana ali m'malo atatu. Wina ali pa miyendo ya amayi ake, wina ali kumsana m'nsalu amayi atakhala naye pa mpando, ndipo wina waimirira pakati pa mipando iwiri ya kutsogolo akuonerera mseu. Palibe kholo limene limatero chifukwa chosakonda mwana. Ambiri amakhulupirira kuti palibe malo otetezeka koposa m'manja mwa mayi, ndipo pakhomo chimenechi n'choonadi. Koma m'galimoto yothamanga zinthu zimasintha.

Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linanena m'lipoti lake la 2023 kuti anthu pafupi-fupi 1.19 miliyoni amafa pa ngozi za pamseu chaka chilichonse, ndiponso kuti ngozi zimenezi ndizo zimapha ana ndi achinyamata a zaka 5 mpaka 29 koposa china chilichonse. Poyerekeza ndi kuchuluka kwa anthu, chigawo cha Africa ndicho chimataya miyoyo yambiri koposa, chonsecho chili ndi galimoto zochepa. Bungwe lomweli likuti mpando wa mwana, ukagwiritsidwa ntchito moyenera, ungathe kuchepetsa imfa za makanda ndi 71 pa 100. Ndiye kuti mwa makanda 10 amene akanafa pa ngozi, 7 akanapulumuka.

Chifukwa chake manja sakwanira

Galimoto ikamayenda pa liwiro la makilomita 50 pa ola, zonse zimene zili m'katimo zimayendanso pa liwiro lomwelo: anthu, katundu, ngakhale dengu la manachesi. Galimotoyo ikagunda mtengo kapena lole imaima nthawi yomweyo, koma chilichonse chimene sichinamangidwe chimapitiriza ulendo kufikira chitagunda china chake. Kugunda pa liwiro limeneli n'chimodzi-modzi kugwa kuchokera pamwamba pa mamita 10, monga munthu wogwa kuchokera kunsonga ya mtengo wautali. Tsono makilomita 50 pa ola si liwiro limene woyendetsa galimoto aliyense angalitche lalikulu; pa mseu wa tala ambiri amapitirira pamenepo kutali.

Akatswiri a za ngozi amati pa kugunda kotere mwana wosamangidwa amaponyedwa kutsogolo ndi mphamvu yoposa kulemera kwake ka 30, nthawi zina kupitirira. Mwana wa makilogalamu 10, amene amayi amamunyamula ndi dzanja limodzi, pa kamphindi kameneko amalemera ngati makilogalamu 300. Amenewo ndi matumba 6 a chimanga a makilogalamu 50. Palibe mayi, palibenso bambo, amene angathe kugwira matumba 6 akutsomphoka m'manja mwake, ndipo zonsezi zimachitika msanga kuposa kuphethira kwa diso.

Nsalu imagwira bwino mwana kumunda, pa mtondo ndi ku chitsime, koma mfundo yake siingapirire mphamvu yotere. Komanso galimoto ikagundidwa kumbuyo kapena ikagubuduzika, thupi la mayi limapanikiza mwana wa kumsanayo ku mpando. Mwana wa pa miyendo naye, ngati amayi sanamange lamba, amapsinjika pakati pa thupi la amayi ndi mpando wa kutsogolo. Choipitsitsa pa zonse ndicho kumanga lamba mmodzi mozungulira mayi ndi mwana, pakuti kulemera konse kwa wamkulu kumathera pa mimba ya wamng'ono.

Lamba wa akulu ndi thupi la mwana

Omvera ena angafunse kuti, "Nanga bwanji osangomumanga mwanayo ndi lamba amene ali kale m'galimoto?" Lamba wodutsa pa phewa ndi m'chiuno anayamba kuikidwa m'galimoto mu 1959. Anamukonza ndi Nils Bohlin, injiniya wa ku Sweden amene ankagwira ntchito ku kampani ya Volvo, ndipo lambayu wapulumutsa anthu osawerengeka. Koma muyeso wake ndi wa thupi la munthu wamkulu. Mwa wamkulu, lamba amagwira mafupa okhwima: fupa la pa phewa, nthiti ndi mafupa a m'chiuno. Mwa mwana wamng'ono, lamba wa pa phewa amadutsa pakhosi, ndipo wa m'chiuno amakwera pa mimba, pomwe pali chiwindi, kapamba ndi matumbo popanda fupa lozitchinga.

Thupi la mwana linaumbidwa mosiyana ndi la wamkulu. Mutu wa khanda la miyezi 9 umalemera pafupi-fupi gawo limodzi mwa magawo 4 a thupi lonse, pamene mutu wa munthu wamkulu ndi magawo 6 okha pa 100. Khosi lonyamula mutu waukuluwo ndi lanthete, ndipo mafupa ake sanalimbe. Amayi onse amadziwa zimenezi, nchifukwa chake amachirikiza mutu wa khanda polisambitsa ndi polibereka.

Dokotala wina wa ku Sweden komweko, Pulofesa Bertil Aldman, anaganizira kwambiri vuto la khosili. Iye anaona mmene anthu opita m'mlengalenga ankagonera chagada m'chombo chawo ponyamuka, kuti mphamvu ya kunyamukako ifalikire msana wonse. Mu 1964 anakonza mpando wa mwana woyang'ana kumbuyo, ndipo mu 1972 kampani ya Volvo inayamba kugulitsa mipando yotere. Nzeru yake ndi iyi: galimoto ikagunda kutsogolo, mwana woyang'ana kumbuyo amakankhidwira m'chigoba cha mpando, mutu, khosi ndi msana zonse pamodzi, monga dzira m'chikhatho. Koma mwana woyang'ana kutsogolo thupi lake limagwidwa ndi malamba, mutu wokha nuponyedwa kutsogolo ndi kukoka khosi. Ku Sweden ana ambiri amayenda choyang'ana kumbuyo kufikira zaka 4, ndipo dzikolo ndi limodzi mwa maiko amene ana aang'ono safa kawiri-kawiri m'galimoto.

Yankho lili m'buku la kusikelo

Posankha mpando, funso loyamba ndi lakuti mwanayo akulemera bwanji, nanga ndi wamtali bwanji. Zaka zake ndi mtengo wa mpando zimabwera pambuyo. Mwayi wake ndi wakuti yankho lili kale m'nyumba, m'buku la kusikelo limene alangizi a za umoyo amalembamo mwezi ndi mwezi. Ana awiri obadwa tsiku limodzi angathe kusiyana ndi makilogalamu angapo, kotero kuti mpando woyenera mmodzi ungakhale wosayenera mnzake. Kholo lopita kukagula mpando litenge bukuli, ndipo liyeze mwana pa khoma ndi tepi ya telala.

Mipando ya ana ilipo ya mitundu itatu, molingana ndi kakulidwe ka mwana.

Woyamba ndi wa makanda. Umaoneka ngati kadengu kokhala ndi chogwirira, ndipo nthawi zonse umayang'ana kumbuyo. Umagwira ntchito kuyambira ulendo woyamba wochoka ku chipatala kufikira mwana atalemera makilogalamu 13. Khanda lobadwa kumene limalemera makilogalamu 3 kapena pamenepo, ndipo la chaka chimodzi makilogalamu 9 kapena 10, motero mpandowu ungathe kutumikira mwana kopitirira chaka. Mwana wakula kuposa mpandowu pamene wafika pa kulemera kolembedwa, kapena pamene nsonga ya mutu wake yayandikira m'mphepete mwa mpando chakumtunda. Kugunda kwa mapazi ku mpando wa galimoto si chifukwa chomusamutsira. Mwana amapinda miyendo monga achitira pa mphasa, ndipo savutika.

Wachiwiri ndi wa ana a makilogalamu 9 mpaka 18. Uli ndi malamba ake-ake ogwira mwana malo 5: mapewa awiri, mbali ziwiri za chiuno, ndi pakati pa miyendo. Ina mwa mipando imeneyi ingathe kuikidwa choyang'ana kumbuyo kapena kutsogolo, ndipo imeneyi ndiyo yabwino koposa, pakuti mwana angathe kupitiriza kuyang'ana kumbuyo kufikira pamene opanga mpandowo analoleza. Popeza mwana wa zaka 4 amalemera makilogalamu 16 kapena pamenepo, ambiri amakhala mu mpando umenewu kufikira msinkhu umenewo.

Wachitatu ndi wokweza mwana, wa ana a makilogalamu 15 mpaka 36. Umenewu ulibe malamba ake-ake. Ntchito yake ndi kukweza mwana kuti lamba wa galimoto adutse m'malo oyenera, pakati pa khosi ndi nsonga ya phewa, ndiponso pa ntchafu m'munsi mwa mimba. Ulipo wokhala ndi chotsamira ndi wopanda chotsamira. Wokhala ndi chotsamira ndiwo wabwino, chifukwa umatchinga mutu galimoto ikagundidwa m'mbali, ndiponso umagwira mwana akamasinza. Ku Britain lamulo limati mwana akhale pa mpando wake kufikira atatalika masentimita 135 kapena atakwanitsa zaka 12. Njira yodziwira kuti mwana wakwanira lamba wa akulu ndi yapafupi: akhale chotsamira bwino-bwino, mawondo apindike m'mphepete mwa mpando, ndipo lamba asakhudze khosi kapena kukwera pa mimba. Chimodzi mwa izi chikalephereka, nthawi siinakwane.

Omvera aona kuti miyeso imeneyi ikulowana: 13 ndi 9, 18 ndi 15. Zimenezi zinachitika dala, kuti mwana athe kukhalitsa mu mpando umene alimo. Kusamuka kulikonse kumachepetsako chitetezo, motero palibe chifukwa chothamangira. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Chizindikiro cha mpando woyesedwa

M'masitolo ndi m'misika mumapezeka timipando tambiri tokongola, tina ta nsalu yokha-yokha tomangirira ku mpando wa galimoto ndi tizingwe. Kukongola si umboni. Mpando weni-weni umayesedwa pogundanitsa galimoto dala, muli chidole cholemera ngati mwana, ndipo ukapambana umapatsidwa chizindikiro.

Chizindikiro chofala koposa ndi kapepala komatidwa kuseri kapena kunsi kwa mpando, kawiri-kawiri ka mtundu wa lalanje, kokhala ndi chilembo cha E m'kati mwa mzere wozungulira. Nambala yoyandikana ndi chilembocho imatchula dziko limene linavomereza mpandowo: E1 ndi Germany, E11 ndi Britain, E43 ndi Japan, ndipo E47 ndi South Africa. Pa kapepala komweko pamalembedwa lamulo la bungwe la United Nations limene linatsatidwa. Lakale ndi R44, limene limagawa mipando potengera kulemera, monga mwa miyeso yatchulidwa ija. Latsopano ndi R129, limene ena amalitcha i-Size. Limeneli linayamba mu 2013, limagawa mipando potengera kutalika kwa mwana m'masentimita, limalamula kuti mwana ayang'ane kumbuyo kufikira miyezi 15 kapena kupitirira, ndiponso limayesa mpando pa ngozi ya m'mbali. Kuyambira mu September 2024 masitolo a m'maiko a European Union analeka kugulitsa mipando yatsopano ya R44. Mpando wa R44/04 umene uli bwino ungathe kugwirabe ntchito, koma wogula watsopano achita bwino kufuna wa R129.

Mabanja ambiri a ku Mwanza ali ndi abale ku Joni, ndipo katundu wambiri amabwera pa mabasi odutsa pa chipata chija. Wotuma mbale kuti akagule mpando amuuze zinthu zitatu: kulemera kwa mwana, kutalika kwake, ndi mtundu wa galimoto. Amene amayendetsa okha galimoto kupita kumeneko adziwenso kuti kuyambira mu 2015 lamulo la ku South Africa limafuna kuti mwana wosakwana zaka 3 akhale mu mpando wake m'galimoto za anthu wamba.

Mpando wogwiritsidwapo kale ntchito

Mtengo wa mpando watsopano ndi wokwera, zimenezo n'zosabisa, ndipo ambiri amayang'ana ku kaunjika kapena kwa abale. Pamenepa pafunika kusamala. Mpando umene unakhalapo m'galimoto ya ngozi ungathe kukhala ndi ming'alu yosaoneka ndi maso, ndipo sungapirire ngozi yachiwiri. Pulasitiki nayo imakalamba, makamaka m'dziko la dzuwa ngati lino, nchifukwa chake opanga ambiri amadinda tsiku limene mpando unapangidwa ndi kunena kuti ugwire ntchito zaka 6 mpaka 10 zokha, malinga ndi mtundu wake.

Wogula mpando wakale afunse mbiri yake kwa munthu amene amamukhulupirira, pakuti safunsa anadya phula. Aone ngati chizindikiro chija chilipo, ngati malamba sanathetheke kapena kusokedwa pamanja, ngati chotsekera malamba chikulira kuti "kha" potseka ndipo sichikutseguka pokoka, ndiponso ngati chigoba chilibe mng'alu kapena malo oyererako osonyeza kuti pulasitiki inapindika. Mpando wochokera kwa mlamu kapena kwa mnzako wa ku tchalitchi, umene mbiri yake ikudziwika, ndi wodalirika kuposa wonyezimira wa pa mulu umene palibe akudziwa kumene wachokera.

Mpando uyeneranenso ndi galimoto

Mpando woyenera mwana uyeneranso kuyenera galimoto. Njira zomangira zilipo ziwiri. Yoyamba ndi ya lamba wa galimoto, amene amadutsa m'mipata yosonyezedwa pa mpandowo. Pa mipando yambiri ya R44 mipata ya buluu ndi ya mpando woyang'ana kumbuyo, ndipo yofiira ndi ya woyang'ana kutsogolo. Yachiwiri ndi yotchedwa ISOFIX, imene inayamba kuoneka mu 1997 m'galimoto ya Volkswagen Golf. Pa njira imeneyi pali tizitsulo tiwiri tobisika pa mpata wa pakati pa chokhalira ndi chotsamira cha mpando wa kumbuyo, ndipo mpando wa mwana umakola pa tizitsulo timeneti. Galimoto zambiri za ku Japan zopangidwa kuyambira 2012 zili nato, koma zakale zina zilibe. Mwini galimoto apise dzanja pa mpatawo asanagule, chifukwa mpando wa ISOFIX yokha ndi wopanda ntchito m'galimoto yopanda tizitsuloto. Aonenso malamba a kumbuyo. Mpando wokweza mwana umafuna lamba wa pa phewa ndi m'chiuno. Lamba wa m'chiuno mokha, amene amapezeka pa mpando wa pakati m'galimoto zakale, sakwanira.

Malo a mwana ndi ku mpando wa kumbuyo. Ku mpando wa kutsogolo galimoto zambiri zili ndi thumba la mpweya lotchedwa airbag, limene limafufuma mwamphamvu pa ngozi kuti liteteze munthu wamkulu. Thumba limeneli likamenya mpando wa khanda woyang'ana kumbuyo lingathe kupha mwanayo pomwepo. Mpando wotere usaikidwe konse patsogolo pa airbag yogwira ntchito. Popeza m'Malawi galimoto zimayenda kumanzere kwa mseu, ndi bwino kuika mpando chakumanzere, kuti mwana azikwera ndi kutsikira kumbali kopanda galimoto. Zitseko za kumbuyo zambiri zili ndi kabatani m'mphepete mwake koletsa kutsegula cham'kati, ndipo kameneka katsekedwe.

Mpando ukamangidwa, kholo liugwire pamene padutsa lamba ndi kuugwedeza. Ukasuntha kopitirira masentimita 2 kapena 3, ndiye kuti sunamangike. Mpando wotsika mtengo wokhala ndi chizindikiro, womangidwa bwino, umateteza mwana koposa wodula womangidwa mwachisawawa.

Kumanga mwana tsiku ndi tsiku

Malamba a mpando agone bwino pa thupi la mwana, osapotana. Ngati mwana akuyang'ana kumbuyo, malamba atulukire molingana ndi mapewa kapena m'munsi pang'ono. Ngati akuyang'ana kutsogolo, molingana ndi mapewa kapena pamwamba pang'ono. Akamangidwa, kholo liyese kutsina lamba pa phewa ndi zala ziwiri. Lamba akatsinika, ndiye kuti ndi wolefuka, akokedwenso.

M'miyezi ya June ndi July kumapiri a Mwanza kumazizira, ndipo amayi amafunditsa ana majuzi ndi zofunda zochindikala. Zoterezi zimasiya mpata pakati pa lamba ndi thupi, ndipo pa ngozi zimafinyika, mwana n'kupulumuka m'malamba. Njira yabwino ndi kuyamba kumanga mwana ali ndi zovala zopepuka, kenaka kumufunditsa bulangete kapena nsalu pamwamba pa malamba. M'nyengo yotentha ya October vuto ndi lina: zitsulo za mpando zimatentha kufikira kuotcha khungu, choncho mpando uphimbidwe ndi nsalu galimoto ikaima pa dzuwa. Mwana asasiyidwe yekha m'galimoto yotseka ngakhale kwa kanthawi, chifukwa kutentha kwa m'katimo kumakwera msanga ndipo thupi la mwana silipirira.

Mpando wa khanda ukhale chopendekeka monga mwa malangizo a opanga, kuti mutu usagwere pa chifuwa ndi kutseka mpweya. Pa ulendo wautali, monga wa ku Tete kapena ku Lilongwe, ndi bwino kuima maola awiri alionse, kutulutsa khanda ndi kuliongola. Likalira kufuna bere, woyendetsa aime pa malo abwino, amayi ayamwitse, kenaka ulendo upitirire. Kumasula mwana galimoto ikuyenda, ngakhale pa mtunda waufupi wa kumsika, n'kutaya chitetezo chonse, pakuti tsoka silinunkha. Ana ena amakana mpando masiku oyamba, koma amene anazolowetsedwa kuyambira ukhanda amauona ngati malo awo, makamaka akamaona bambo ndi mayi nawo akumanga malamba.

Nanga amene alibe galimoto?

Omvera ambiri a kwa Nthache ndi a m'midzi ina alibe galimoto yawo-yawo. Amayenda pa minibasi, pa matola ndi pa kabaza, momwe mulibe pomangira mpando wa mwana. Palibe njira imene ingalowe m'malo mwa mpando, koma zilipo zinthu zochepetsako ngozi.

M'minibasi, mayi wa mwana apewe mpando wa kutsogolo ndi wa pafupi ndi chitseko. Amasule mwana kumsana asanakhale pansi, amufukate kutsogolo, ndipo ngati pali lamba adzimange yekha, mwana akhale kunja kwa lambayo. Mwana wokulirapo akhale pa mpando wake ndi kumanga lamba ngati alipo, ngakhale zitanthauze kulipira malo awiri, ndipo asaimirire kapena kutulutsa mutu ndi mkono pa zenera. Kumbuyo kwa lole kapena kwa galimoto yapikapu si malo a mwana, chifukwa pa bampu kapena pokhota angathe kuponyedwa kunja. Pa njinga yamoto ya kabaza, khanda la kumsana lilibe chotchinga chilichonse, ndipo mutu wake ndiwo umayamba kufika pansi. Pamene pali njira ina, ngakhale yochedwerapo, kholo lisankhe imeneyo.

Chinthu china chimene aliyense ali nacho ndi pakamwa. Liwiro likawirikiza kawiri, mphamvu ya kugunda imawirikiza kanayi. Wokwera ali ndi ufulu wouza woyendetsa mwaulemu kuti, "Achimwene, chepetsani liwiro, muno muli ana," ndiponso wokana kukwera galimoto yodzaza mopitirira muyeso kapena ya woyendetsa amene akununkha mowa. Mmodzi akayankhula ndipo ena n'kumuvomereza, woyendetsa amamva. Mbewa ya manyazi inafera kuuna.

Eni timagalimoto tonyamula anthu angathenso kusunga mpando umodzi wa khanda, makamaka amene amatenga amayi ochokera kochira ku chipatala. Mabanja a pa chibale, kapena magulu a amayi, angathe kusonkherana ndi kugula mpando umodzi woti uzizungulira, mwana wa uyu akakula n'kupita kwa wa uyo, malinga ngati sunachitepo ngozi ndipo zaka zake sizinathe. Amayi oyembekezera nawo asaope lamba: wa m'chiuno adutse kunsi kwa mimba, wa pa phewa adutse pakati pa mabere, ndipo potero mayi ndi mwana onse atetezedwa.

Zofunika kukumbukira

Pomaliza, omvera asunge mfundo izi. Mpando usankhidwe potengera kulemera ndi kutalika kwa mwana, monga zilili m'buku la kusikelo. Mwana ayang'ane kumbuyo kufikira miyezi 15, ndipo ngati mpando ukulola, kufikira zaka 4. Mpando ukhale ndi chizindikiro chosonyeza kuti unayesedwa, ndipo ngati ndi wakale, mbiri yake idziwike. Uikidwe ku mpando wa kumbuyo, kutali ndi airbag, ndi kumangidwa kuti usagwedere. Malamba akhale okoka bwino pa ulendo uliwonse, wautali kapena waufupi.

Mseu wa ku Mwanza upitiriza kunyamula malole, mabasi ndi madengu a manachesi, ndipo ana apitiriza kuyendamo popita kusikelo, ku sukulu ndi kwa agogo. Mwana sasankha yekha pokhala. Amakhala pamene akulu amuika. Udindo umenewu ndi wa makolo, wa oyendetsa galimoto, ndi wa aliyense wokwera naye, pakuti mwana wa mnzako ngwako yemwe.